Dzimbiri pa Makina a Amayi

Pamdadada wa nyumba zisanu zoyang'ana kunyanja ya mchere, chitseko chachitatu, pamakhala mayi wamng'ono wosoka zovala amene anthu amangomutchula kuti a Kumtunda. Dzina lake lenileni lilipo, koma pamdadadapo palibe analifunsapo. Tsiku limene anafika, mwana ali kumsana, bulangete lalikulu lili m'khwapa, dzuwa likuswa mtengo, mayi wogulitsa nsomba wa pachitseko choyamba anaimika mpeni n'kuseka.

"Bulangete kuno? Awa ndiye a kumtunda enieni awa!"

Dzina linamata pomwepo. Mayi wa nsombayo nayenso ali ndi lake. Amati a Wailesi, chifukwa akatsegula pakamwa m'mawa amatseka dzuwa litalowa.

Mwezi wathawu a Kumtunda anakwanitsa chaka chikhalire kunyanja. Mukamufunsa za chakacho sakamba zambiri. Ndi munthu wamanyazi, amayankha maso ali pa ulusi. Koma akayamba, sayambira pa nyanja, kapena pa sitima zikuluzikulu zimene mwamuna wake amatsitsamo katundu kudoko. Amayambira pa makina.

Makinawo ndi osokera, opukusa ndi dzanja, akuda, okhala ndi chivundikiro chathabwa. Maluwa agolide amene anajambulidwa pamsana pake anafufutika mbali imodzi, pamene pankakhudza mkono wa amayi ake kwa zaka makumi awiri ndi kanthu. Maso a amayiwo atayamba kuchita nkhungu, kusoka anasiya. Ana aakazi ndi awiri, onse odziwa kusoka, koma makina ndi amodzi. Tsiku lonyamuka amayi anawakulunga okha m'chiguduli, n'kunena mng'ono wake ali pomwepo:

"Sindikukupatsa, ndikukubwereka. Chaka chikatha ndibwera ndidzawaone. Ndikadzawapeza ali bwino, ndi ako. Ndikadzawapeza akulira, ndinyamula. Mng'ono wakoyu nayenso ali ndi manja."

Mng'onoyo anangoyang'ana chigudulicho mpaka chinakwera basi.

Kasamalidwe ka makina a Kumtunda anakadziwa asanadziwe kuwerenga. Kwawo ndi kouma, kwa fumbi lofiira lolowa ndi m'mano momwe. Ndiye lamulo la amayi linali lakuti m'mawa uliwonse makina apukutidwe ndi kasanza konyowa, akhale pazenera lotsegula pamene pali kuwala, ndipo oilo akhale dontho limodzi pamwezi, osapitirira. Oilo amaitana fumbi, amadetsanso nsalu za eni. Amayi ankati makina onyezimira mafuta ndi a mkazi waulesi.

A Kumtunda atafika kunyanja anachita momwemo. Chipinda chawo chili ndi zenera limodzi loyang'ana kumadzi, ndipo masana pamalowa kamphepo kabwino. Anakokera tebulo pomwepo, anaika makina, ndipo m'mawa uliwonse asanayatse moto ankawapukuta ndi kasanza konyowa.

Miyezi yoyamba zachilendo zinali zambiri. Mchere m'botolo unkasanduka phala. Machesi ankakana kuyaka mpaka anaphunzira kuwatsekera m'chitini. Matewera ankakhala pachingwe tsiku lonse n'kubwerabe ozizira ngati agona panja. Mwana anatuluka totupa ta thukuta m'khosi monse. Bulangete lija analipinda n'kuliponya pansi pa bedi. Tsiku lina atatuluka kukataya madzi anapeza nyanja yathawira kutali, maboti atagona chammbali pamatope. Anabwerera akuthamanga.

"Bambo ake, nyanja yaphwa!"

Mwamunayo anaseka mpaka kutsokomola tiyi. "Amake mwana, imapita n'kubwera kawiri patsiku imeneyo. Siisochera. Iposa ine kusunga nthawi."

Kuyambira pamenepo a Kumtunda anaphunzira kuti chinthu chikamudabwitsa azingochiyang'ana, osafunsa. Kusekedwa kamodzi kunamukwana.

Mwezi wachitatu anaona timadontho tofiirira pa kachitsulo kosalala pamene pamadutsa nsalu. Poyamba anati mwina ndi tiyi. Anakanda ndi chikhadabo, osachoka. Linali dzimbiri. Iye dzimbiri ankalidziwa pa khasu loiwalika pamvula, osati pa chinthu chimene amachisamala kuposa nkhope yake. Anaganiza kuti mwina sakupukuta mokwanira, choncho anayamba kupukuta kawiri, m'mawa ndi masana. Madontho anachuluka. Anafika pa ndodo ya singano, kenako pa gudumu.

Ndiye anakumbuka za mapoto. Poto akada amakwechedwa ndi mchenga, ndipo mchenga wa kugombe ndi woyera, wosalala ngati ufa. Anakatapa kapu imodzi, anatseka chitseko, anagoneka mwana, n'kukwecha makina onse bwinobwino mpaka m'makona. Kwa masiku awiri anawala ngati angochoka m'sitolo. Tsiku lachitatu dzimbiri linabwerera ndi abale ake.

Anakwechanso. Sabata ndi sabata anakwecha. Gudumu linayamba kulemera, ndipo akapukusa munkamveka kukukuta ngati munthu akutafuna nyemba zosapsa. Ulusi unkaduka. Msoko unkadumpha, apa wagwira, apa wasiya. Mwamuna wake akafunsa kuti bwanji masiku ano sakumva makina, ankati mwana akuvuta. Anasiya kusoka chitseko chili chotsegula. Amayi akaimba foni n'kufunsa za makina, ankati ali bwino, kenako n'kupereka foniyo kwa mwana kuti agogo ake amve mmene akulira.

Pamdadadapo sankacheza ndi munthu. Moni ankayankha, basi. Koma a Wailesi si munthu wodikira kuitanidwa. Mwezi wachisanu ndi chimodzi anagogoda ndi chigongono, m'manja muli nsalu yoyera.

"Odi a Kumtunda! Mwadzitsekera chonchi, muli ndi chikuku? Mwana wanga akuyamba sukulu Lolemba, akufuna bulauzi. Ndinaona kadiresi kamene munasokera kanuko, manja muli nawo inu. Musandiyang'ane ngati ndabwera kudzakulandani mwamuna, landirani nsaluyi."

Kukana kunamukanika. Anasoka masiku atatu bulauzi ya tsiku limodzi, ulusi ukuduka, iye akulumikiza. Atamaliza n'kuikweza pakuwala, anapeza kuti msoko uliwonse uli ndi kamzere kofiirira, kuyambira pakolala mpaka pansi. Anachapa ndi sopo kawiri. Kamzereko kanangomuyang'ana.

Loweruka a Wailesi anabwera. Anatembenuza bulauziyo uku ndi uku.

"Mwakongoletsa ndi msuzi?"

A Kumtunda anayang'ana pansi. A Wailesi anamudutsa pakhomo, anafika patebulo, n'kutukula chivundikiro chathabwa chija. Anthu a pamdadada amati limenelo ndi tsiku lokhalo limene a Wailesi anakhala chete.

"Mayo ine," anatero kenako. "Makinawa mwawavuula pansi pa nyanja?"

Apo a Kumtunda misozi inatsika yokha. Ananena zonse, za amayi, za mng'ono wake, za chaka chimene chinali chitafika kale pakati.

"Ndiye miyezi yonseyi mumangofa nazo nokha, ine ndili chitseko chachiwiri kuchokera pano? Pakamwa mumasungira chiyani, kudyera basi? Berekani mwanayo. Makina ndinyamula ndine, inu mungagwe nawo ndi manyaziwo."

Kuseri kwa msika wa nsomba kuli shedi ya malata ya bambo wokonza injini za maboti. Amati a Injini. Ndi munthu wamfupi, wa vesiti yoti mtundu wake woyamba sudziwikanso, ndipo sakonda kudzutsa mutu akamagwira ntchito.

"Ine ndimakonza injini, osati zidole za azimayi," anatero.

"Chidole ndi inuyo, achimwene," anatero a Wailesi. "Taonani kaye musanatukwane."

A Injini anapukusa gudumu kamodzi, n'kukwinya nkhope. Anamasula kachitseko ka pansi, anapendeketsa makinawo, ndipo pabenchi panagwa kamulu ka mchenga.

"Mwanawe, makinawa umawadyetsa mchenga?"

"Ndimakwecha," anatero a Kumtunda, mawu ali pansi.

"Ngati poto?"

"Eya."

Asodzi awiri amene ankadikira injini yawo anaseka mpaka wina anagwira mzati. A Kumtunda anafuna pansi patatseguka. Koma a Injini sanaseke.

"Tanyambita mkono wako."

A Kumtunda anayang'ana a Wailesi. A Wailesi anagwedeza mutu kuti chitani. Ananyambita. Unali mchere.

"Wasamba m'nyanja lero? Ayi. Ndi mphepo imeneyo. Zili pamkono pakozo zilinso pa makina, pa loko, pa msomali uliwonse wa m'tauni muno. Iwe ukuwaika pazenera kuti amwe bwino, ukuwonjezera madzi, kenako mchenga wa kugombe. Makinawa ndi olimba, ena akanafa kale."

"Mundikonzera?"

"Ayi. Ndikakonza ine, mwezi wamawa ubweranso. Khala apo."

Anamupatsa beseni, palafini, mswachi wakale ndi kapepala kokhwekhwereza kosalala kwambiri. Anamuonetsa komasula, kenako anabwerera ku injini yake. A Kumtunda anapita kushediko m'mawa masiku anayi, mwana ali kumsana. Poopa kuiwala, anang'amba katoni, ndipo kachitsulo kalikonse akamasula ankakajambula ndi pensulo n'kukaika pa chithunzi chake, motsatana monga anatulukira. Anaviika, anatsuka, anakhwekhwereza, mpaka zala zinasuwa. A Injini ankangodutsa n'kuloza ndi chibwano pamene pasala. Tsiku lachitatu anaima nthawi yaitali akuyang'ana katoniyo.

"Sukulu unalekera pati?"

"Ku pulayimale."

"Hmm. Ena ndawaphunzitsa chaka chathunthu, akamanga injini amatsala ndi mabawuti m'manja."

Chinthu chimodzi chokha chinali chitadyeka osabwereranso: kachitsulo kopyapyala kamene kamapana ulusi pa kabokosi ka bobini, kosungira ulusi wa pansi. A Injini anafufuza m'chitini cha zakale, anapeza wotchi yakufa, anadula kachidutswa ka sipuling'i yake n'kukapinda mpaka kanakwana. Tsiku lachinayi a Kumtunda anabweza chilichonse pamalo pake, ndipo pakatoni sipanatsale kanthu. Atapukusa, gudumu linayenda lokha ngati likutsetsereka.

Malamulo a a Injini anali otembenuza onse a amayi. Madzi asayandikire. Oilo tsiku lililonse, ndipo chitsulo chonse chipakidwe ndi kasanza ka mafuta. Ukamaliza kusoka, vundikira. Zenera la kunyanja likhale lotseka, ukafuna kuwala tsegula chitseko. Masingano ndi mapini m'botolo lotseka. Usanasoke nsalu ya mwini, yamba wasoka chisanza kuti chimwe oilo wotsala. Pothokoza, a Kumtunda anawasokera chovundikira injini cha nsalu yolimba. Bulauzi ija a Wailesi anaithira ndimu ndi mchere n'kuiyanika padzuwa, kamzere kanachoka, ndipo mwana anapita nayo kusukulu.

Chifukwa chosokera pachitseko chotsegula, anthu anayamba kumuona. Wina zipi, wina chigamba, wina yunifolomu. Asodzi aja anamuseka ndi amene anabweretsa makabudula ong'ambika. A Wailesi ankalengeza kumsika osapemphedwa. Miyezi yotsalayo inapita mwachangu.

Chaka chitakwana amayi anabwera monga ananenera. Anafika Lolemba masana ndi kasutikesi kakang'ono, ndipo pamwamba pake anamangirirapo chiguduli chija, chopindidwa bwino. A Kumtunda anachiona asanaone nkhope ya amayi ake.

Amayi anamwa madzi, ananyamula mdzukulu, anayankha moni wa mkamwini wawo. Kenako anati, "Tawatsegula."

Anadutsitsa chala pamsana pa makina. Chala chinabwera chonyezimira. Anachinunkhiza. Anayang'ana zenera lotseka.

"Ndinakuphunzitsa chonchi ine? Chaka chimodzi chokha, ulesi wakulowa mpaka m'mafupa. Makina akununkha ngati galaja."

A Kumtunda anabwezera chivundikiro pa makina. Mwamuna wake anakumbuka mwadzidzidzi kuti ali ndi ntchito panja.

M'mawa mwake a Kumtunda atabwera kotunga madzi, anapeza amayi atavundukula makina, m'manja muli kasanza kodontha. Anatula ndowa osadziwa kuti waitula pati. Anawagwira dzanja.

"Amayi, musatero."

Chibadwire anali asanawagwirepo dzanja chotero.

"Wandigwira?"

"Kuno madzi amadya chitsulo, amayi. Mphepo yake ndi ya mchere."

"Madzi ndi madzi. Ine ndawapukuta makinawa iwe usanabadwe." Amayi anaponya kasanzako m'beseni. "Chabwino. Loweruka ndinyamula. Mng'ono wako amamva zonena."

A Wailesi anamva zonse, poti makoma a pamdadada ndi opyapyala. Anapeza a Kumtunda pachingwe cha zovala.

"Ndipite ndikawauze ine? Ine agogo ngati amenewo ndimawaphika m'mawa umodzi."

"Ayi, asiyeni," anatero a Kumtunda. "Ndi amayi anga."

Amayiwo ali ndi sizasi yawo yaikulu yodulira nsalu, imene sasiyana nayo ngakhale anasiya kusoka. Paulendo amaikulunga m'kansalu. Kupirira kutentha kutawakanika anatsegula zenera lija, ndipo a Kumtunda sanaletse, anangovundikira makina n'kuwasunthira kukona. M'mawa uliwonse amayi ankapukuta sizasiyo ndi kasanza konyowa n'kuiika pazenera kuti iume.

"Amayi, sizasiyo ichita dzimbiri pamenepo."

"Zaka makumi atatu sinachitepo."

A Kumtunda ananena kamodzi kokha, sanabwerezenso. Anapitiriza kusoka za eni pachitseko, ndipo madzulo ankapaka oilo amayi akuona.

Lachinayi pa msomali wa sizasi panatuluka timadontho tiwiri. Amayi anakanda ndi chikhadabo, monga momwe mwana wawo anachitira, n'kupukutanso ndi madzi. Lachisanu m'mawa madontho anali atatsika mpaka kunsonga, ndipo poitsegula inalira. Amayi anakhala pabedi akuitembenuza m'manja, kuiyandikiza kumaso, kuitalikitsa. Anatulutsa kiyi wa sutikesi m'thumba, naye anali atayamba dzimbiri. Anaika zonse pabedi.

Kenako anati, "Tandipatsa chisanza."

Anakhala pa makina. Maso saonanso singano bwino, choncho mwana wawo ndiye anawalowetsera ulusi. Anapukusa pang'onopang'ono, khutu atalipendeketsa, kenako mwachangu. Anatulutsa chisanzacho n'kupapasa msoko ndi chala, pamwamba ndi pansi. Anaukoka, sunamasuke. Ndiye analowetsa dzanja pansi, anatulutsa kabokosi ka bobini, n'kukapapasa nakonso. Chala chinaima.

"Aka si kake."

A Kumtunda akanatha kunena kuti kanangothyoka. Koma anagwada pafupi ndi tebulo n'kufotokoza zonse: madontho, kupukuta kawiri, kapu ya mchenga, bulauzi ya a Wailesi, shedi, wotchi yakufa. Anatulutsa katoni ija kuseri kwa kabati n'kuwaonetsa.

"Mchenga," anatero amayi. "Makina anga, mchenga."

"Eya, amayi."

"Ndikuimbira foni, iwe n'kumati ali bwino, ali bwino."

"Ndinkaopa."

Amayi anayandikiza katoniyo kumaso. "Unamasula wekha zonsezi?"

"Ndekha."

"N'kubweza chilichonse pamalo pake?"

"Palibe chinatsala."

"Ine zaka zonse zija sindinawamasulepo. Ndinkaopa kuti sindidzawabweza." Anaika katoniyo pansi. "Sizasiyi ingachire?"

A Kumtunda anatenga palafini ndi kapepala kaja. Amayi anakhala pambali akumvetsera mmene akukhwekhwerezera, mdzukulu akuwakoka mpango.

Loweruka m'mawa amayi anamasula chiguduli n'kuchiyala pansi. A Kumtunda anaima pafupi ndi tebulo, manja ali kumbuyo. Amayi anawerama, anasuzumira pansi pa bedi, n'kukoka bulangete lija.

"Ili mukulitani kuno? Likungonunkha chinyezi. Kwathu kwayamba kuzizira."

Analipinda n'kulilowetsa m'chigudulimo, anamanga pakamwa pake. Makina sanawayang'ane n'komwe.

"Nanga mng'ono wanga mukamuuza chiyani?" anafunsa a Kumtunda.

"Ndikamupatsa sizasi. Akalira, alira. Makinawa azolowera mafuta a kuno, kwathu angakatsamwe ndi fumbi." Anaima pang'ono. "Iweyo umuitane adzakhale nawe mwezi umodzi, adzasokereko. Ntchito ndaiona, yakuchulukira. Koma umuuze za mchenga asanafike."

Ali pakhomo anabwereranso. "Oilo uja, tandithirirako pang'ono m'kabotolo. Wa sizasi. Mpaka ndikafike."

Mkamwini ananyamula chiguduli kuwaperekeza kubasi. Podutsa pachitseko choyamba, a Wailesi anasuzumira, anaona kuti katunduyo ndi wopepuka, n'kukuwa pamdadada ponse:

"A Kumtunda! Bulangete lapita? Ndiye tizikutchulani chiyani tsopano?"

A Kumtunda anatseka zenera, anakokera tebulo pachitseko, anadontheza oilo, n'kuyamba wasoka chisanza. Panali makabudula atatu a asodzi odikira zigamba.